Mapilitsi Ochotsa Kutopa

1. Lonjezo pa golosale

Ku Tsangano mwezi wa Meyi ukafika, aliyense amanunkha dothi. Imakhala nthawi yokumba kachewere. Mwana wa sukulu, kaya akhale wanzeru chotani, Loweruka limamupeza m'munda khasu lili m'manja.

Zione anali mtsikana wa zaka 17, wa Folomu 3 pa sekondale ina yoyendera kuseri kwa msika. Chaka chimenecho mtima wake sunali pa kachewere ayi. Unali pa Ayesha, mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi kuyambira Sitandade 5.

Matenda a Ayesha anayamba ngati nthabwala. Akatsuka m'kamwa, mswachi unkatuluka wofiira. Kenaka kunabwera kamfuno ka tsiku ndi tsiku, ndipo miyendo inadzaza timadontho takuda ngati walumidwa ndi utitiri. Anapita naye ku Boma, a ku Boma n'kumutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Amayi ake, Mayi Zubeda, ndiwo ankamudikirira kumeneko.

Lachisanu poweruka, Zione anadzera pa golosale ya a Ahmad, bambo ake a Ayesha. Anawapeza atakhala duu, wayilesi ili yotseka, zomwe sizinkachitika pa golosale imeneyo.

"Zikuyenda bwanji ku Blantyre, bambo?" anafunsa Zione.

"Sizili bwino, mwana wanga," anayankha a Ahmad. "Madokotala akuti m'magazi mwake mukuchepa tinthu tina, akuti mapulateleti. Dzinalo ine ndalimvera komweko. Anamuika kamodzi, kamfuno kanaleka masiku awiri, pano kayambiranso. Tsopano akuti a gulu lake atha, akudikira kuti anthu apereke magazi."

"Gulu lake ndi liti?"

"Akuti B."

Zione anapisa dzanja m'chikwama cha mabuku n'kutulutsa kakhadi kake ka opereka magazi, pakuti anali ataperekapo kawiri. Anakaika pa kauntala, chala chili pa chilembo B.

"Otolera magazi akubwera ku sukulu Lolemba," anatero. "Woyamba kugona pa bedi ndidzakhala ine. Ndikukulonjezani."

A Ahmad anakayang'ana kakhadiko nthawi yaitali. Anali munthu wosadziwa kuthokoza ndi pakamwa, ankathokoza ndi manja. Anatsitsa paketi ya shuga n'kumupatsa. Kenaka anatenga sizasi n'kudula kapepala ka mapilitsi asanu ndi limodzi.

"Ndikudziwa kuti mawa mukukumba," anatero. "Awa ndi ochotsa kutopa. Usakafike Lolemba thupi likuphwanya."

2. AnaNgozo akonza mwana wawo

Amayi ake a Zione, anaNgozo, atamva za lonjezolo anachita ngati mwana wawo akukalowa ukwati. Anawiritsa chidede. Anawiritsanso masamba a mapeyala mpaka madzi ake anafiira. Bonongwe wotendera anali m'mbale m'mawa ndi madzulo.

"Imwa wonsewo," ankatero. "Magazi ako akafike ku Blantyre ali ofiira psuu. Asakatiseke kuti a ku Tsangano magazi awo ndi amadzimadzi."

Kupereka magazi ankalola ndi mtima wonse, bola zichitikire pa sukulu pomwepo. Nkhani imene sankafuna n'kuimva komwe inali ya ulendo wa ku tauni. Mwana wawo wamkulu, Janeti, anapita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo zaka zinayi zinatha osabwerako, osaimba ndi foni yomwe. Chichokereni Janeti, Zione malire ake anali pa Boma.

Loweruka anakumba kuyambira mame asanagwe. Matumba anakwana khumi ndi awiri, ndipo onsewo anafunika kukwera nawo chitunda mpaka pa msewu pomwe amaima malole. Pofika madzulo msana wa Zione unali ngati wobwereka.

Tsono muyenera kudziwa khalidwe la kwathu kuno. Munthu akakumba tsiku lonse amadzera pa okala, n'kugula tiwiri, n'kumeza ndi madzi a m'chigubu. Palibe amene amawerenga dzina lake. Palibenso amene amati akudwala. Amangoti, "Ndipatseniko ochotsa kutopa," monga mmene munthu amagulira machesi.

Zione anameza awiri Loweruka madzulo. Lamulungu pochokera ku tchalitchi msana unali ukadali wouma, ndipo anaNgozo anamumwetsa awiri ena. Otsalawo anawaika m'thumba la siketi yake ya yunifolomu.

"Awa ukamwe ukatha kupereka," anatero mayiwo, akudzimva kuti ntchito yawo aigwira bwino.

3. Mawu a Mayi Lufina

Lolemba kunacha ndi nkhungu. Madesiki a m'kalasi ya Folomu 1 anakankhidwira kukhoma, ndipo pakati panaikidwa timabedi titatu topinda. Galimoto ya otolera magazi inaima pakhomo penipeni.

Mfundo, wapampando wa kalabu ya opereka magazi, ankangoti uku wapita uku wabwera ndi pepala la maina. Anali mnyamata wakhama koma wapakamwa. Iye ndi Zione anali atayenda kalasi ndi kalasi kumema anzawo, ndipo analembetsa anthu makumi anayi. Mwa amenewo, asanu ndi awiri anali ndi makhadi a gulu B.

Wotsogolera otolera magaziwo anali namwino wamfupi, wa mawu osasa, magalasi ali lende pachifuwa. Dzina lake linali Mayi Lufina. Anagogoda tebulo ndi cholembera, phokoso lonse n'kutha.

"Ana inu, tamverani, chifukwa ine sindibwereza," anayamba motero. "Magazi amene mupereke lero sakalowa mwa munthu mmodzi ayi. Galimoto iyi inyamuka dzuwa lisanapendeke, ndipo tikafika tikawalekanitsa patatu. Gawo limodzi ndi la mapulateleti. Ndi tinthu ting'onoting'ono, ndi maso simungatione. Koma ntchito yake nonse mukuidziwa, poti ndinu ana a alimi. Ngalande ya kudimba ikabooka mumatani? Mumathamanga ndi zibuma n'kumata pobookapo. Nawo mapulateleti ndi chimodzimodzi. Mtsempha ukabooka amathamangira pomwepo n'kumamatirana mpaka magazi ataleka kutuluka. Munthu amene ali nawo ochepa, magazi ake amangotayika.

"Vuto lake ndi lakuti sakhalitsa. Tikawachotsa m'thupi, masiku asanu okha atha ntchito. N'chifukwa chake ife timayendayenda ngati anthu osowa kwawo. Ndiye pali mankhwala ena amene amawafoola, makamaka asipirini. Munthu akamwa asipirini, mapulateleti ake amaoneka abwinobwino, koma samata. Kumuika wodwala otere kuli ngati kutseka ngalande ndi mchenga wouma. Choncho ndikakufunsa funso pa tebulo pano, usandiyankhe zondisangalatsa. Undiyankhe zoona."

Ophunzira anaomba m'manja n'kufola pa mzere, Zione ali kutsogolo monga analonjezera. Kunkazizira, ndiye anapisa manja m'matumba a siketi. Chala chake chinakhudza kapepala ka mapilitsi kaja.

Anakatulutsa n'kukapendeketsa cha ku windo. Kumbuyo kwake kunali timalemba ting'onoting'ono, tina titadulidwa ndi sizasi. Koma dzina linkawerengeka bwinobwino. Anali asipirini.

Atadzutsa mutu anaona a Ahmad akufika pa khonde, atakoka njinga yonyamula kireti ya zakumwa. Anali atatseka golosale tsiku la malonda kuti adzathokoze anawo. Atamuona Zione pa windo anamukwezera dzanja.

4. Chala chosaleka kudontha

"Wadya m'mawa uno?" anafunsa Mayi Lufina, Zione atakhala pa tebulo.

"Ndadya."

"Wadwalapo malungo posachedwapa?"

"Ayi."

"Wamwapo mankhwala alionse masiku asanu apitawa?"

Zione anayang'ana ku windo. A Ahmad anali akutsitsa kireti ija.

"Ayi," anayankha.

Bodzalo linatuluka mosavuta, ndipo ine sindimuweruza. Ndani wa ife akadayankha zina, bambo wa mnzake wodwala ali pa windo?

Mayi Lufina anamubaya pa chala n'kuyeza kadontho ka magazi. "Magazi alipo okwanira," anatero. "Amayi ako akukudyetsa bwino. Finya thonje ili, kagone pa bedi loyambalo."

Zione anagona chagada. Atayang'ana thonje lija anapeza lafiira. Analitembenuza n'kufinyanso, nakonso kunafiira. Maulendo awiri oyamba aja kabala kotere kankaleka nthawi yomweyo. Lero magazi ankangotuluka pang'onopang'ono, osaleka.

Mayi Lufina anafika, anamumanga lamba pa mkono, anapukuta ndi mankhwala ozizira, n'kung'amba pepala la singano.

"Woyamba wathu ndi ameneyo," anatero Mfundo mokweza ali pa mzere. "Ayesha achira ndi magazi a kachewere."

Anzake anaseka. Zione sanaseke.

"Amayi, taimani kaye," anatero. Ndi dzanja linalo anatulutsa kapepala kaja. "Ndinanama pa tebulo paja. Ndinamwa awa. Loweruka awiri, dzulo awiri."

Mayi Lufina anavala magalasi, anawerenga kapepalako, n'kuika singano pambali.

"Aa, wangoopa singano ameneyo," anatero Mfundo. "Amenewo ndi ochotsa kutopa. Timamwa tonse."

Mayi Lufina anatembenuka pang'onopang'ono. "Mumamwa nonse?" anafunsa. Anakweza kapepala kaja m'mwamba. "Aliyense amene wamwa timapilitsi ngati iti kuyambira Lachinayi, akweze dzanja."

Poyamba linakwera dzanja limodzi. Kenaka atatu, kenaka khumi, mpaka anapitirira theka la mzere. Lomalizira kukwera linali la Mfundo, mwini wake akuyang'ana pansi. Mwa asanu ndi awiri a gulu B aja, osamwa anali awiri okha.

"Safunsa anadya phula, ana inu," anatero Mayi Lufina. "Mankhwala ndi mankhwala, kaya mwagula pa okala, kaya akupatsani ndi amalume anu okukondani. Mtsikana uyu akadakhala chete, ine ndikadalemba pa thumba lake kuti zonse zili bwino. Ndikadalembanso chimodzimodzi pa matumba a nonsenu. Ku Blantyre akadamuika wodwala, anamwino n'kumadikira kuti magazi aleka, achibale n'kumathokoza Mulungu, pamene tamuthira mchenga. Tsiku lathunthu likadatayika, ndipo wodwala wotere tsiku limodzi ndi lalikulu.

"Komanso taonani chala chake. Kabala ka nsonga ya singano mpaka pano kakudontha. Singano yanga iyi ndi yaikulu kuposa ya pa chala ija. Ndikadamutulutsa msanga osadziwa kanthu, akadakafika kwawo mkono utatupa, malaya ali magazi okhaokha. Ine ndimasamala anthu awiri, wolandira ndi wopereka. Onsewo ndimawateteza ndi mawu amene mumandiuza pa tebulo apo. Zaka makumi awiri pa ntchito imeneyi ndaona anthu ambiri olimba mtima pa singano. Koma olimba mtima pobweza bodza lawo, atagona kale pa bedi, anzawo onse akuona, ndi owerengeka."

Anauza onse amene anakweza manja kuti atha kuperekabe. Magazi awo ofiira akathandiza amayi obereka ndi ana odwala malungo, kungoti mapulateleti sakachotsamo, ndipo pa bala awafinya nthawi yaitali asanawatulutse. Kenaka anayang'ana Zione.

"Nawenso utha kupereka lero," anatero. "Koma ukatero, uyenera kudikira miyezi inayi usanaperekenso. Ukapirira masiku asanu osamwa kanthu, thupi lako likhala litapanga mapulateleti atsopano, ndipo Loweruka adzakhala abwino. Kungoti Loweruka ife sitidzakhala kuno. Udzayenera kutipeza ku Blantyre. Sankha wekha."

Kunja kwa windo a Ahmad anali atatsegula kale botolo limodzi, akumudikira. Zione analiona botololo. Kenaka anatambasula mkono kuti amumasule lamba.

"Ndidikira Loweruka," anatero.

Anatsika pa bedi wopanda pulasitala pa mkono. Mfundo anamupatukira njira.

5. Foni ya ku Blantyre

Kuchoka pa bedi kufika pa khonde panali mapazi khumi okha, koma Zione anayenda ngati wasenza thumba la kachewere.

"Watha kale?" anafunsa a Ahmad akumwetulira.

"Sindinapereke, bambo."

Anawafotokozera zonse, osabisa kanthu, n'kuwaonetsa kapepala kaja. Kumwetulira kwawo kunatha. Anakhumudwa, ndipo sanabise.

"Mapilitsi anga omwewa?" anatero. "Ndagulitsa amenewa zaka khumi ndi zisanu, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzadandaula. Anthu a chipatala nthawi zina amachulutsa malamulo. Nayenso Ayesha amamwa omwewa mutu ukamupweteka. Dzana lomweli ndatumiza paketi ina m'dengu la chakudya pa minibasi."

Mayi Lufina anali atatuluka kudzasintha thonje pa chala cha Zione. Anaima pakhomo, thonje lili m'manja.

"Mwati chiyani, bambo? Wodwalayo akumwa mapilitsi amenewa ali m'chipatala?"

"Mutu umamuvuta. Amayi ake amamupatsa."

"Madokotala akudziwa?"

"Kodi munthu angavutitse dokotala ndi nkhani ya ochotsa kutopa?"

"Imbani foni kwa amayi ake," anatero Mayi Lufina. "Tsopano lino. Mwana wanu mapulateleti ali nawo ochepa kale, ndipo ochepa omwewo mapilitsiwa akuwafoola. Nawonso amene anamuika aja akufookera momwemo."

A Ahmad anaphonya nambala kawiri. Foni yawo inali yakufa ku khutu, inkamveka pokhapokha aikweze mawu, choncho onse a pa khonde anamva ikuitana. Inaitana, inaitana, mpaka inaduka. Anaimbanso.

"Halo?" anayankha Mayi Zubeda ndi mawu otopa.

"Amake Ayesha, mapilitsi ndinatumiza aja..."

"Ee, afika, zikomo. Mutu wamuyambanso. Ndili nawo m'manjamu, ndikungodikira tiyi azizireko."

"Musamupatse!" anakuwa a Ahmad. "Chonde, musamupatse!"

Mayi Lufina anatenga foniyo n'kudzitchula dzina. Anafunsa modekha kuti mwanayo wakhala akumwa kuyambira liti. Mayi Zubeda anati chigonekereni m'chipatala, awiri m'mawa, awiri madzulo.

"Tengani paketi yonseyo mupite nayo kwa namwino wa mu wodimo," anatero Mayi Lufina. "Mukanene zimene mwandiuzazi ndendende, osachotsera, osaopa kukalipiridwa. Pitani panopa, ine ndiimbanso."

Foni itaduka, a Ahmad anakhala pa kireti ya zakumwa ija. Bambo wamkulu wa ndevu zake analira pamaso pa ana a sukulu, ndipo palibe amene anaseka.

"Ndimamupha ndekha mwana wanga," anatero. "Ndi manja angawa."

"Simunkadziwa, bambo," anatero Mayi Lufina. "Lero mwadziwa. Ndipo mtsikana uyu akadasunga bodza lake, tiyi uja akadazizira, mapilitsi n'kumwedwa."

A Ahmad anadzutsa mutu n'kumuyang'ana Zione. Anayang'ana m'manja mwawo, mmene munali botolo lotsegula lija, n'kumupatsa.

"Chakumwa n'cha amene apereka magazi, bambo," anatero Zione. "Ine sindinapereke."

"Imwa, mwana wanga," anatero a Ahmad. Anagwira dzanja lake ndi manja awo onse awiri n'kumufumbatitsa botololo. "Imwa."

Zione anamwa, misozi ikutsikira m'masaya.

Dzuwa lisanapendeke galimoto inapakira. Ophunzira makumi atatu ndi anayi anapereka magazi tsiku limenelo, Mfundo ali m'gulu lomwelo, atafinya pa bala mphindi khumi zathunthu osadandaula. Matumba a anthu osamwa mapilitsi anaikidwa m'bokosi lakelake. A gulu B m'bokosimo anali awiri.

"Awiri amenewa angomukankhirako mnzakoyo masiku ochepa," anatero Mayi Lufina kwa Zione asanakwere. "Pofika Loweruka adzafunika ena. Ndakulembera nambala yanga kumbuyo kwa khadi lakoli. Usamwe kanthu, ngakhale msana upweteke motani. Ubwere utadya, ndipo ubwere makolo ako atakulola. Wothawa kwawo ine sindimulandira."

Galimoto inatsetsereka kulowera ku msewu waukulu. Zione anaika kakhadi m'chikwama n'kuyamba ulendo wa kwawo, akuwerenga masiku ndi zala.

Atafika pa chitunda anaona anaNgozo ali pa mpanda, manja ali m'chiuno, akumwetulira, maso ali pa mkono wake kufuna kuona pulasitala. Zione anayenera kuwauza zinthu ziwiri. Choyamba chinali cha mapilitsi amene anamumwetsa ndi manja awo. Chachiwiri chinali cha ulendo wa ku Blantyre, komwe kunapita Janeti.